NSIMA YATHU ILI M'MANJA MWA YANI?

Abale ndi alongo, alimi anzathu, kuti nsima ifike m'mbale pamafunika zinthu zitatu. Pamafunika nthaka yolimapo. Pamafunika mbeu yobzala. Pamafunikanso msika, kumene mlimi amagulitsa zotsala kuti agule mcere, sopo ndi nsalu. Munthu amene wagwira zinthu zitatu izi ndiye mwini nsima, ngakhale asanagwirepo khasu cibadwire.

Masiku ano m'maiko ambiri zinthu zitatuzi zikucoka m'manja mwa alimi. Zikulowa m'manja mwa makampani akuluakulu owerengeka. Makampaniwa amati abwera kudzathetsa njala. Koma kampani saikhazikitsa kuti idyetse anthu. Amaikhazikitsa kuti eni ake apeze phindu. Ngati phindu lili m'cakudya ca nkhumba za kutsidya la nyanja, kampani idzalima cakudya ca nkhumba, ngakhale ana a m'mudzi wapafupi agone ndi njala. Nkhani imeneyi ndiyo tifuna tiunike pamodzi m'phunziro lino.

ZIMENE MAKOLO ATHU ANAONA

Kwa ife a ku Mozambique nkhaniyi si yacilendo. Atsamunda acipwitikizi analibe cuma cokwanira kulamulira dziko lonse lino. Cifukwa ca ici anabwereketsa zigawo zathunthu kwa makampani. Companhia do Niassa inalamulira Niassa ndi Cabo Delgado mpaka 1929. Companhia de Moçambique inalamulira Manica ndi Sofala mpaka 1942. Companhia da Zambézia inatenga malo ambiri ku Tete ndi ku Zambézia. Makampaniwa anali kukhometsa msonkho ndi kugwira anthu cibalo. Ku Luabo ndi ku Marromeu, Sena Sugar Estates inalima nzimbe ndi thukuta la makolo athu, shuga n'kumakwera zombo kupita kunja.

Kuyambira 1938 atsamunda analimbitsa lamulo la thonje. Madera anagawidwa kwa makampani a thonje, ndipo mabanja a m'madera amenewo anakakamizidwa kulima thonje. Kapitao ndiye anali kusankha malo, kuyeza munda, ndi kunena tsiku lobzala ndi lopalira. Wokana anali kumenyedwa m'manja ndi mbalamatodya. Pokolola wogula anali mmodzi yekha. Mtengo unali woikidwa ndi atsamunda, ndipo unali wotsika dala, kuti mafakitale a nsalu a ku Portugal apeze thonje lochipa.

Thonje limafuna kupalira nthawi imodzi ndi cimanga ndi mapira. Koma manja ndi omwewo. Mai akakhala m'munda wa thonje, munda wa cakudya unali kulowa chire. Nkhokwe zinali kutha msanga, ndipo m'madera ambiri a thonje njala inapha anthu. Lamulo lokakamizali linathetsedwa mu 1961.

Tione bwino apa. Mlimi wa thonje anali pa nthaka ya makolo ake. Khasu linali lake, thukuta linali lake. Cimene analandidwa ndi mphamvu yosankha. Wosankha cobzala anali wina, woika mtengo anali wina. Njala inalowera pamenepo.

MINDA IKULUIKULU YA BOMA

Titalandira ufulu mu 1975, boma linatenga minda imene atsamunda anaisiya n'kuisandutsa minda ikuluikulu ya boma. Ku Angónia kunali CAIA. Ku Chókwè kunali CAIL. Ndalama zambiri za ulimi zinapita ku mathirakitala ndi makina a m'minda imeneyi, pamene mlimi wa kumudzi anali kusowa khasu m'sitolo. Makina akathyoka, zitsulo zosinthira zinali kusowa. Zokolola sizinafike pamene atsogoleri anali kuyembekezera. Mu 1983, pa msonkhano waukulu wacinai wa FRELIMO, atsogoleri anavomereza kuti alimi a m'mabanja anaiwalidwa, pamene ndiwo anali kudyetsa dziko.

Tikukumbutsa izi kuti tisanamizane. Vuto silili pa mtundu wa mwini kampani kapena pa dziko limene wacokera. Munda waukulu wa mbeu imodzi, wolamulidwa ndi anthu okhala kutali, sumva mau a mlimi, kaya mwini wake ndi kampani kaya ndi boma.

PHUNZIRO LA PROSAVANA

Mu 2009 maiko atatu, Mozambique, Brazil ndi Japan, anagwirizana pa nchito yochedwa ProSavana. Nchitoyi inali yoti icitike m'maboma 19 a ku Nampula, Niassa ndi Zambézia, motsata njanji yopita ku doko la Nacala. Mwa mabomawa munali Cuamba, Mecanhelas, Mandimba ndi Lichinga. Dera lonselo linali la mahekitala oposa 10 miliyoni. Oyambitsa ake anati adzacita kuno zimene zinacitika ku Brazil. Tsono tiyenera kudziwa zimene zinacitika ku Brazil.

Pakati pa dziko la Brazil pali dera lalikulu lochedwa Cerrado. Ndi dera la udzu ndi mitengo ifupiifupi, lofanako ndi chire lathu la mombo ndi masuku. Kuyambira 1979, ndi ndalama za ku Japan, alimi olemera ndi makampani anayamba kugwetsa chireli. Anathira laimu ndi feteleza wambiri, nabzala soya m'minda yosaoneka malire. Lero Brazil ndilo dziko lolima soya wambiri kuposa maiko onse. Poona zimenezi munthu angati zinayenda bwino.

Koma tifunse mafunso awiri. Kodi soyayo amadya ndani? Nanga nthakayo ndi ya yani?

Pa matumba anai alionse a soya wolimidwa pa dziko lapansi, pafupifupi atatu amadyetsa nkhuku, nkhumba ndi ziweto zina za m'makola a makampani. Soya wambiri wocoka ku Brazil amakwera zombo kupita ku China. Za nthaka nazo, kalembera wa ulimi wa ku Brazil wa 2017 anaonetsa kuti minda ikuluikulu, imene ili umodzi wokha pa minda 100 iliyonse, yatenga pafupifupi theka la nthaka yonse ya ulimi. Pafupifupi theka la chire la Cerrado linatha. Mabanja ambiri a alimi ang'onoang'ono ndi anthu a mitundu yoyambirira ya dzikolo anacotsedwa pa malo awo. Mankhwala ophera tizirombo amawazidwa ndi ndege, ndipo mphepo imawafikitsa m'midzi ndi m'mitsinje. Mu 2022 kafukufuku wina wamkulu wa ku Brazil komweko anapeza kuti anthu 33 miliyoni anali pa njala. Dziko lodzaza zombo ndi cakudya linali ndi anthu ogona osadya. Kuculuka kwa zokolola pakokha sikuthetsa njala. Njala imatha pamene cakudya cili m'manja mwa anthu ocifuna.

Pamene olima soya olemera a ku Brazil anayamba kubwera kudzaona malo, kunamveka mau akuti kumpoto kwa Mozambique kuli nthaka yambiri yongokhala. Koma Nampula ndi Zambézia ndizo zigawo za anthu ambiri kuposa zina zonse m'dziko muno. Munthu woyang'ana ali m'ndege amaona chire. Mlimi amaona tsala limene walisiya kuti nthaka ipume. Amaona manda a makolo. Amaona busa la mbuzi, ndi nkhalango imene amapezamo nkhuni, bowa, uci, udzu wofolera ndi mankhwala. Nthaka yopanda mwini kulibe.

Alimi sanakhale cete. Mu Okutobala 2012 gulu lalikulu la alimi la UNAC, União Nacional de Camponeses, linadzudzula poyera kuti nchitoyi ikukonzedwa mobisa, alimi osafunsidwa. Mu Meyi 2013 magulu a alimi, a amai, a mipingo ndi ena analemba kalata kwa Armando Guebuza, Dilma Rousseff ndi Shinzo Abe, amene anali kutsogolera maiko atatuwo, yopempha kuti ProSavana iimitsidwe. Mu 2014 anayambitsa gulu lokana ProSavana. Anthu ena a ku Brazil ndi a ku Japan anagwirizana nawo. Oyendetsa nchitoyi anayankha kuti sakufuna kulanda nthaka, ndipo analembanso mapulani awo n'kunena kuti colinga ndi kuthandiza alimi ang'onoang'ono. Koma alimi anapitiriza kufuna kuona mapepala onse. Mu 2018 khoti lina la ku Maputo linalamula unduna wa zaulimi kuti uulule kwa anthu za nchitoyi. Mu Julayi 2020 boma linalengeza kuti ProSavana yatha.

Alimi anapambana popanda mfuti. Anapambana ndi umodzi, ndi misonkhano, ndi kalata. Komabe tisagone tulo. M'zaka zomwezo, ku Lioma m'boma la Gurúè, makampani olima soya anapatsidwa mahekitala zikwizikwi, ndipo mabanja ambiri anataya minda. Ku Niassa makampani ena anabzala paini ndi bulugamu pa malo amene anthu anali kulimapo cimanga ndi nyemba. ProSavana inatha, koma ofuna nthaka yathu sanathe.

MWINI MBEU NDIYE MWINI MUNDA

Kulanda nthaka kumaoneka ndi maso. Kulanda mbeu sikuoneka msanga.

Kuyambira kalekale mlimi amasankha ngala zabwino pokolola, n'kuzipacika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze. Amai ndiwo akhala osunga mbeu za nyemba, khobwe, nzama, maungu ndi mapira. Mbeu ikasowa, amapempha kwa mnansi. Mbeu inali ya mudzi.

Cimanga ca haibulidi cimayenda mwa njira ina. Akatswiri amakwatitsa mitundu iwiri ya cimanga imene kampani imasunga yokha. Mbeu yobadwa pamenepo imabereka kwambiri caka coyamba, makamaka ikalandira feteleza ndi mvula yokwanira. Koma mlimi akabzalanso mbeu yocokera m'munda umenewo, zokolola zimatsika ndipo cimanga cimatuluka cosiyanasiyana. Motero caka ndi caka ayenera kubwerera kusitolo. Akasiya mbeu yamakolo kwa zaka zingapo, mbeuyo imatayika. Tsiku limene alibe ndalama, alibenso cobzala.

Nanga ogulitsa mbeuyi ndani? Kale anali ambiri, koma akuluakulu akhala akumeza ang'onoang'ono monga mcheni umezera usipa. Mu 2013 kampani ya ku America ya DuPont Pioneer inagula gawo lalikulu la Pannar, kampani ya mbeu ya ku South Africa imene alimi ambiri kuno amaidziwa. Mu 2017 kampani ya boma la China inagula Syngenta. Caka comweco Dow ndi DuPont zinaphatikizana, ndipo m'menemo munatuluka Corteva. Mu 2018 Bayer ya ku Germany inagula Monsanto. Lero makampani anai, Bayer, Corteva, Syngenta ndi BASF, amagulitsa mbeu yoposa theka la mbeu yonse yogulitsidwa pa dziko lapansi. Makampani omwewo ndiwo amagulitsanso mankhwala ambiri opopera m'minda. Wogulitsa mbeu ndi yemweyo, wogulitsa mankhwala ndi yemweyo. Kodi munthu wotere angakonde mbeu yosafuna mankhwala?

Ku America nkhaniyi inafika patali. Kumeneko kampani imalembetsa mbeu ku boma kuti ndi yakeyake, monga munthu alembetsera galimoto. Mlimi wina wa ku Indiana, dzina lake Vernon Bowman, anagula soya kumalo ogulitsira zokolola, nabzala, n'kumasunga mbeu yocokera m'munda mwake. M'soyamo munali mtundu wa Monsanto. Kampaniyo inamsumira, ndipo mu 2013 khoti lalikulu la America linagamula kuti mlimiyo analakwa. Nchito imene makolo athu onse anali kuicita, yosunga mbeu, kumeneko inasanduka mlandu. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Palinso ngozi ina. Dziko lonse likabzala mtundu umodzi, nthenda imodzi imakantha minda yonse. Mu 1970 cimanga cambiri ca haibulidi ca ku America cinali ca mtundu wapacibale. Kunabwera nthenda ya masamba imene mtunduwo sunathe kuipirira, ndipo dzikolo linataya pafupifupi matumba 15 pa matumba 100 alionse m'caka cimodzi. America ndi dziko lolemera, linapirira. Banja la kumudzi silingapirire motero.

Amai athu amadziwanso cimene wamalonda sanena. Cimanga camakolo ndi colimba. Cimakonoleka bwino mu mtondo osafumbutuka, ndipo anankafumbwe sacilowa msanga. Mitundu yambiri ya haibulidi ndi yofewa, ndipo m'nkhokwe siikhalitsa popanda mankhwala. Kampani imawerenga matumba tsiku lokolola. Mai amawerenga ufa wotsala mwezi wa Febuluwale.

Feteleza nayenso amacokera kutali. Mu 2021 ndi 2022 mtengo wake unakwera kowirikiza pa msika wa dziko lapansi, cifukwa ca kukwera mtengo kwa gasi ndi nkhondo ya Russia ndi Ukraine. Mlimi wa ku Tsangano sanayambitse nkhondoyo, koma anailipira pogula thumba la feteleza.

SIKELO NDI NGONGOLE

Kampani yocenjera siifunanso kulanda munda. Imamsiya mlimi pa munda wake, n'kumgwira pa sikelo.

Alimi a fodya a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, ndi alimi a thonje a ku Cuamba, amaidziwa njira imeneyi. Kampani imapatsidwa dera. Imabweretsa mbeu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole. Mlimi amalonjeza kugulitsa kwa kampani yomweyo. Pa msika, woyeza kulemera ndi wa kampani, ndipo woika giredi ndi wa kampani. Ngongole imadulidwa mlimi asanagwire ndalama. Tinene zoona, mabanja ambiri agula malata, njinga ndi ng'ombe ndi ndalama zimenezi, ndipo lero palibe mbalamatodya. Koma tiyang'ane mmene katundu wagawidwira. Mvula ikakana, matalala akagwa, mai akadwala nthawi yopalira, wotaya ndi mlimi. Ngongole siiona mvula. Ndipo pamene wogula ali mmodzi, mlimi wosakhutira ndi mtengo alibe kwina kopita.

Zimene zimacitika pa msika wa kumudzi zimacitikanso pa msika wa dziko lapansi. Gawo lalikulu la tirigu, cimanga ndi soya woyenda pakati pa maiko limadutsa m'manja mwa makampani anai: ADM, Bunge, Cargill ndi Louis Dreyfus. Iwo ali ndi nkhokwe, madoko ndi zombo. Amadziwa za zokolola za maiko onse mlimi asanadziwe. Mtengo ukatsika amagula, ukakwera amagulitsa, ndipo konse amapindula.

Dziko lodalira cakudya cogula kunja lili ngati banja lodalira nkhokwe ya mnansi. Tirigu wathu wa ku Tsangano ndi wocepa kwambiri. Pafupifupi buledi yense wa m'mizinda yathu amapangidwa ndi tirigu wakunja, ndipo mpunga wambiri umacokeranso kunja. Mu 2010 cilala cinaononga tirigu ku Russia, dzikolo linaletsa kugulitsa tirigu kunja, ndipo mtengo unakwera ponseponse. Kumayambiriro kwa Seputembala caka cimeneco anthu a ku Maputo ndi Matola anatuluka m'miseu kukana kukwera mtengo kwa buledi, madzi ndi magetsi. Anthu oposa 10 anafa. Cilala ca ku Russia cinakumbitsa manda ku Maputo.

CAKUDYA CA M'FAKITALE

Tsopano tione cakudya cimene makampani amapanga. Titenge nkhuku. Nkhuku yoyera yanyama imasungidwa m'nyumba zazitali, zikwizikwi pamodzi, osaona dzuwa. Imadya cimanga ndi soya, ndipo imaphedwa ikakwana masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Makolo a nkhuku zambiri zoterezi pa dziko lonse ali m'manja mwa makampani awiri, Aviagen ndi Cobb. Woweta sangaswetse anapiye ake. Ayenera kugula anapiye atsopano ulendo uliwonse, monga mlimi wa haibulidi agulira mbeu.

Nkhuku zikathithikana motero, nthenda ikalowa imasesa zonse. Mu 2023 cimfine ca mbalame cinalowa m'makola a makampani ku South Africa. Nkhuku mamiliyoni zinaphedwa, ndipo mazira anasowa m'masitolo. Nthendayo siinaime pa malire. Mu Okutobala caka comweco, ku Morrumbene m'cigawo ca Inhambane, nkhuku zoikira mazira pafupifupi 45,000 zocokera ku South Africa zinaphedwa n'kutenthedwa.

Fakitale imodzi ikamadyetsa maiko ambiri, kulakwa kwake kumafikanso m'maiko ambiri. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa kunabuka nthenda yobwera ndi kacirombo kosaoneka ndi maso kochedwa Listeria. Anthu oposa 1,000 anadwala, ndipo oposa 200 anamwalira. Ambiri mwa iwo anali makanda. Mu Malici 2018 unduna wa zaumoyo wa dzikolo unalengeza kuti kacirombo kanacokera m'poloni wopangidwa pa fakitale ya Enterprise ku Polokwane, ya kampani ya Tiger Brands. Mozambique ndi maiko ena oyandikana analetsa nyama zotere kulowa. Poloniyo anali m'mapaketi okongola, otsekedwa bwino. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumidzi kwathunso timaona kusinthana kodabwitsa. Bambo amagulitsa mtedza ndi nyemba pa mtengo wotsika, n'kugulira ana zakumwa za shuga ndi timapaketi ta zokazinga zamcere. Cakudya comanga thupi cimatuluka m'mudzi, codzaza mimba cabe n'kulowa. Kafukufuku wa boma wa 2022 ndi 2023 anapeza kuti mwa ana osakwana zaka zisanu m'dziko muno, oposa mmodzi pa atatu alionse ndi opinimbira cifukwa ca kusadya moyenera. Vutoli ndi lalikulu kwambiri m'zigawo za kumpoto, kumene kumalimidwa cakudya cambiri.

KODI TIKANE ZONSE ZATSOPANO?

Wina angafunse kuti, kodi mukufuna tikhale ndi khasu mpaka kalekale? Funsoli ndi labwino. Khasu limathyola msana. Minda yathu yambiri imabereka zocepa. Anthu akuculuka, mizinda ikukula, ndipo mvula yasintha. Tikufuna mbeu zopirira cilala, ulimi wothirira, ng'ombe zolimira, mathirakitala, miseu ndi nkhokwe zabwino. Soya si mdani. Alimi ambiri a ku Angónia ndi ku Gurúè amalima soya m'minda yawoyawo, amapeza ndalama, amaphikira ana phala, ndipo nthaka imabwerera m'cimake. Feteleza si mdani. Ngakhale haibulidi ali ndi malo ake.

Funso ndi lakuti, cida cili m'manja mwa yani? Thirakitala ya gulu la alimi imalima minda ya alimi. Thirakitala ya kampani yolanda malo imagwetsa nyumba za alimi. Citsulo ndi cimodzimodzi. Mlimi amene wabzala haibulidi pa gawo limodzi la munda, mbeu yamakolo ili padenga, ndi mfulu. Amene alibe mbeu ina koma ya m'sitolo ndi wanchito wa kampani, ngakhale salandira malipiro.

TICITE CIYANI?

Coyamba, tidziwe lamulo la nthaka. Malamulo aakulu a dziko lino amati nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa. Lamulo la Nthaka la 1997 linavomereza kuti mudzi wokhala pa malo mwa mwambo uli ndi ufulu pa malowo ngakhale ulibe pepala. Linavomereza kuti nzika imene yagwiritsa nchito malo mokhulupirika kwa zaka 10 ili ndi ufulu, ndi kuti umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi umboni weniweni. Linalamula kuti mudzi ufunsidwe kampani isanapatsidwe malo. Linalolanso kampani kutenga malo mpaka zaka 50, ndi kuonjezera zina. Zaka 50 ndi moyo wa mwana ndi mdzukulu. Tsono msonkhano wofunsa mudzi usakhale wa mfumu ndi anthu asanu. Amai abwere, acinyamata abwere. Lonjezo lililonse la sukulu, mjigo kapena nchito lilembedwe pa pepala, ndi tsiku lake, ndipo mudzi usunge pepala lake. Fodya wako ndiye ali pamphuno, wapacala ngwamphepo.

Caciwiri, tisunge mbeu. Banja lililonse lisunge mbeu yamakolo, ndipo mudzi ukhale ndi nkhokwe ya mbeu. Tisinthane mbeu ndi midzi ina. Tibzale mosakaniza: cimanga, nyemba, nandolo, maungu, mbatata, cinangwa ndi mapira. Imodzi ikakana, ina idzatipulumutsa. Nyemba, nandolo ndi manyowa zimadyetsa nthaka popanda ngongole.

Cacitatu, munda wa cakudya ukhale patsogolo. Fodya ndi thonje zibwere pambuyo. Tisagulitse cimanga conse mwezi wokolola pamene mtengo uli pansi, n'kudzacigulanso mwezi wa njala pa mtengo wowirikiza.

Cacinai, tigwirizane. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Mlimi mmodzi wa matumba atatu amalandira mtengo umene wauzidwa. Alimi 50 okhala ndi nkhokwe imodzi ndi sikelo yawoyawo amatha kukambirana mtengo. Gulu lotere likhale la alimi eni ake, losankha atsogoleri ake, lowerenga ndalama zake poyera.

Cacisanu, tiphunzire kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Minda yambiri yatayika ndi cidindo ca cala pa pepala limene mwini cala sanaliwerenge. Makilo ambiri abedwa pa sikelo cifukwa wogulitsa sanadziwe manambala. Mlimi wodziwa kuwerenga amafunsa asanasaine. Amalemba ngongole yake m'kope. Amaona yekha pamene muvi wa sikelo waima. Amene anaimitsa ProSavana anali alimi ngati ife, ndipo cida cawo cinali cogwirika ndi zala zitatu.

Nthaka, mbeu ndi sikelo zikhale m'manja mwa olima. Pamenepo nsima idzakhala yathu.

TIKAMBIRANE

1. Kodi akuluakulu a m'mudzi mwathu amakumbukira ciyani za thonje lokakamiza ndi cibalo?
2. Ndi mbeu ziti zamakolo zimene zatayika m'mudzi mwathu? Ndi ziti zimene zikadalipo, ndipo akuzisunga ndani?
3. Tikagulitsa zokolola, sikelo imakhala ya yani? Nanga woika mtengo ndani?
4. Kampani itabwera mawa kudzapempha malo, ndani ayenera kukhala pa msonkhano? Ndi mafunso ati amene tingaifunse?
5. Lembani m'kope maina a mbeu zisanu zimene banja lanu lidzabzala caka cino, ndi kumene mbeu iliyonse idzacokera.